Mlandu wa Swann ku Charlotte: mabasi anasakaniza ana, nyumba zinawalekanitsanso

Maloya achinyamata akamandifunsa mlandu woti ayambire powerenga za tsankho la khungu m'sukulu za boma, amakhala akudikira kuti nditchula wa Brown, uja wa pa 17 Meyi 1954, pamene khoti la Supreme la ku America linagamula kuti kulekanitsa ana akuda ndi ana a azungu n'kuphwanya malamulo oyendetsera dziko. Sindiwapatsa umenewo. Brown amakoma kuwerenga, koma saphunzitsa ntchito. Ndimawapatsa mlandu wa Swann, wa mumzinda wa Charlotte, chifukwa muli zonse zimene wosumira ena amakumana nazo: kugonja poyamba, kubwereranso, kupambana, zaka 30 zolondola chigamulo, kenaka kuona zimene unapambanazo zikuphwasuka iwe uli moyo. Ndikhalitsa pa funso limene ife timalidumpha chifukwa cha changu chofuna kupambana: kodi khoti likakuvomera, walipempha kuti lilamule chiyani kwenikweni?

Malo ake

Charlotte ali m'chigawo cha North Carolina, m'boma lotchedwa Mecklenburg. Mu 1960 sukulu za mumzinda ndi za m'madera ozungulira zinaikidwa pansi pa bodi imodzi. Amene anachita zimenezi ankaganiza za ndalama ndi kukula kwa mzinda, za ana akuda munalibe m'mitu mwawo. Koma sungani chaka chimenechi, chifukwa mlandu wonse unadzaima pa icho.

Brown atagamulidwa, khoti lomwelo linanena mu 1955 kuti tsankho lithetsedwe mwachangu koma modekha. Mabodi a sukulu anangomva mawu omalizawo. Ku Charlotte, mu Sepitembala 1957, ana akuda anayi okha ndi amene analoledwa kulowa sukulu za azungu. Mmodzi anali Dorothy Counts, wa zaka 15, amene anapita ku Harding High. Anamulavulira, kumugenda, ndipo atapita masiku anayi bambo ake anamuchotsa. Pa pepala mzinda unali utamvera lamulo.

M'zaka za m'ma 1960 mzinda unagumula Brooklyn, dera lakale la anthu akuda la pakati pa tauni, ati pokonza mzinda. Mabanja pafupifupi 1,000 anasamutsidwa, ambiri n'kukakhala kumadzulo ndi kumpoto chakumadzulo komwe kunali kale akuda anzawo. Sekondale yawo, Second Ward High, inatsekedwa mu 1969. Choncho bodi ikamati mwana aliyense azipita kusukulu yoyandikana ndi kwawo, inkanena zoona zake zenizeni, koma inkadziwa bwino amene anakonza kuti kwawoko kukhale kuti.

Odandaula ndi loya wawo

A Darius Swann, m'busa wa Presbyterian, ndi mkazi wawo a Vera, anali atabwera kumene kuchokera ku India komwe ankatumikira. Mu 1964 mwana wawo James, wa zaka 6, anayamba sukulu ku Seversville, yomwe inali pafupi ndi nyumba yawo ndipo inali ndi ana a mitundu yonse iwiri. Bodi inati ayi, malo ake ndi ku Biddleville, ya akuda okhaokha. Makolowo anapempha, anakanidwa, ndipo mu 1965 iwo ndi mabanja ena anasuma.

Taonani mmene dandaulo linayambira. A Swann ankafuna mwana wawo aphunzire pafupi ndi kwawo. Mlandu umene dziko lonse limaudziwa ngati mlandu wa mabasi unayamba ndi kholo lofuna sukulu yoyenda wapansi.

Loya wawo anali a Julius Chambers, mnyamata wosakwana zaka 30, amene anatsogola m'kalasi mwake pa sukulu ya malamulo ya University of North Carolina mu 1962, ndipo ankagwira ntchito limodzi ndi NAACP Legal Defense Fund, bungwe la maloya omenyera ufulu wa anthu akuda. Mu 1965 galimoto yawo inaphulitsidwa. Mu Novembala chaka chomwecho nyumba yawo inaponyeredwa bomba usiku umodzi ndi nyumba za atsogoleri ena atatu akuda: a Kelly Alexander, a Fred Alexander ndi a Reginald Hawkins. Mu Febuluwale 1971, chigamulo cha Supreme chikudikiridwa, ofesi yawo inatenthedwa. Sindikulemba izi pofuna kukometsa nkhani. Loya amene akutenga mlandu wamtunduwu ayenera kuuza banja lake ndi odandaula ake zimene zingabwere, asanasaine chikalata choyamba.

Ulendo woyamba anagonja. Khoti linavomereza dongosolo la bodi mu 1965, ndipo apilo inalephera mu 1966. A Chambers sanataye fayilo.

Kubwereranso

Mu 1968 khoti la Supreme, pa mlandu wa Green wa ku New Kent County ku Virginia, linasintha funso. Linati kungotsegula chitseko n'kumati aliyense asankhe sukulu sikukwanira. Bodi imene inamanga tsankho ili ndi udindo wolizula ndi mizu yomwe, ndipo dongosolo lake liyesedwe ndi zotsatira zake. A Chambers anatsegulitsanso mlandu chaka chomwecho, pamaso pa jaji watsopano, a James McMillan, mzungu wobadwira ku North Carolina komweko, amene palibe ankamuganizira kuti angagwedeze mzinda.

Umboni unali wa manambala ndi mapu. M'chaka cha sukulu cha 1968 mpaka 1969 bodi inali ndi ana oposa 84,000 m'sukulu 107. Ana 29 pa 100 alionse anali akuda, pafupifupi 24,000, ndipo 21,000 mwa iwo ankaphunzira mkati mwa mzinda. Mwa amenewa, pafupifupi 14,000 anali m'sukulu 21 zimene zinali za akuda okhaokha kapena zoposa 99 pa 100. Apa n'kuti patadutsa zaka 15 chigamulireni Brown.

Umboni umene ndimaukonda kwambiri ndi wa mabasi. Otsutsa ankalira kuti kunyamula ana ang'ono mtunda wautali pofuna kuwasakaniza m'sukulu n'nkhanza. A Chambers anaonetsa kuti bodi yomweyo inkanyamula kale ana oposa 23,000 tsiku lililonse, ulendo wa makilomita pafupifupi 24 mbali imodzi, wotenga kuposa ola. Pa dongosolo limene khoti linadzalamula, ana a pulayimale ankayembekezeka kuyenda makilomita pafupifupi 11, mphindi zosaposa 35. Basi sinali yachilendo. Chachilendo chinali kumene ikupita ndi amene akatsikire limodzi. Mfundo ya mdani ukaiphwanya ndi mabuku ake omwe, jaji safunikanso kukukhulupirira iweyo.

Mu Epulo 1969 a McMillan anagamula kuti sukulu zikadali zatsankho, ndipo anapeza kuti kukhala kolekana kwa anthu mumzinda sikunangochitika kokha: malamulo a malo, kugumula kwa madera, kumene boma linkamanga nyumba za osauka ndi kumene bodi inkamanga sukulu, zonse zinathandizira. Anapatsa bodi mwayi kangapo kuti ibweretse dongosolo lake. Bodi inkabweretsa zosakwanira. Ndiye anasankha katswiri, a Dr. John Finger, kuti alembe dongosolo, ndipo mu Febuluwale 1970 analamula kuti litsatidwe.

Zimene chigamulo chinalamula

Kwa sekondale, malire a madera anajambulidwanso ngati zidutswa za chitumbuwa, zoyambira pakati pa mzinda n'kutambalala kunja. Kwa pulayimale, sukulu 9 za akuda za pakati pa mzinda zinalumikizidwa ndi sukulu 24 za azungu za kunja. Ana akuda a giredi 1 mpaka 4 ankanyamulidwa kupita kunja, ana a azungu a giredi 5 ndi 6 ankabwera mkati.

Werengani bwino chiganizo chimenecho. Mwana wakuda ankakwera basi zaka zinayi, ali wamng'onong'ono. Mwana wa mzungu zaka ziwiri, atasinkhukako. Sukulu zimene zinatsekedwa nthawi imeneyo zinali makamaka za akuda, zomwe zinali ndi mbiri, aphunzitsi ndi magulu a makolo awoawo. Walira mvula walira matope, koma matopewa sanagwere onse mofanana, ndipo amene anasuma ndi amene anapondamo kwambiri. Ndikanakhala pa tebulo limenelo ndikanalimbana ndi kagawidwe kameneka kuyambira tsiku loyamba, ngakhale ndikudziwa kuti a Chambers ankawerengera zimene azungu angapirire osathawa.

Mabasi anayamba mu Sepitembala 1970, mkati mwa zionetsero za gulu la makolo la Concerned Parents Association, ziopsezo kwa jaji ndi ndewu m'sukulu zina. Pa 20 Epulo 1971 khoti la Supreme, oweruza onse 9 mogwirizana, m'chigamulo cholembedwa ndi jaji wamkulu a Warren Burger, linavomereza zimene a McMillan anachita. Linati jaji ali ndi mphamvu yolamula mabasi, kulumikiza sukulu zotalikirana, ndi kugwiritsa ntchito chiwerengero cha azungu 71 kwa akuda 29 ngati poyambira, ngakhale sikuti sukulu iliyonse iyenera kufanana nacho ndendende.

M'chigamulo chomwecho munali mawu amene anthu osangalala sanawasamale. Khoti linati bodi ikadzamaliza kuzula tsankho, sidzakakamizidwanso kusintha malire chaka ndi chaka pamene anthu akusamuka, pokhapokha pataoneka kuti boma likuchita dala. Chitseko chotulukira chinamangidwa tsiku lomwelo. James Swann mwiniwake sanakwere mabasiwo. Banja lake linali litasamuka kale ku Charlotte.

Chifukwa chake zinatheka ku Charlotte

Patapita zaka zitatu, mu 1974, pa mlandu wa Milliken wa ku Detroit, khoti lomwelo linagamula ndi mavoti 5 kwa 4 kuti jaji sangawolotse ana malire a bodi imodzi kupita ku ina ngati mabodi akunjawo sanapezeke olakwa. Ku Detroit azungu anali atasamukira kale kunja kwa mzinda, kumene kunali mabodi awoawo, ndipo dongosolo lokhudza mabodi 53 akunja linagwa. Ku Charlotte kholo lothawa mabasi likasamukira kunja kwa mzinda linkapezabe bodi yomweyo, chifukwa cha kuphatikiza kwa 1960 kuja, m'dera la masikweya kilomita oposa 1,400. Lamulo linali limodzi m'mizinda iwiriyi. Chosiyana chinali mzere wa pa mapu.

Ife a kuno siziyenera kutidabwitsa. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, zaka zomwezo za Brown, sukulu za ana a azungu ndi amwenye zinali m'manja mwa boma la chitaganya, pamene za ana a eni dziko zinasiyidwa kwa boma la dziko lililonse. Ukangolekanitsa oyang'anira ndi thumba la ndalama, sufunikanso kulemba pachipata kuti uyu asalowe.

Chachiwiri chimene chinapulumutsa Charlotte sichinachokere kukhoti. Zaka zoyamba, madera a olemera a kum'mwera chakum'mawa ankazemba mtolo, ndipo azungu osauka ankaona kuti iwo ndi akuda ndiwo akusenza zonse. Mu 1974 gulu la nzika wamba lotchedwa Citizens Advisory Group, lotsogozedwa ndi mayi Maggie Ray, linalemba dongosolo limene linatumiza ana a m'madera olemera aja ku West Charlotte High, sekondale yakale ya akuda. Ana a mabwana atalowa, ndalama ndi chidwi zinawatsatira. West Charlotte inatchuka mpaka ophunzira a ku Boston, kumene mabasi anali atabutsa ziwawa, anabwera kudzaona mmene anzawo akukhalira. Mu 1975 a McMillan anachotsa mlandu pa mndandanda wa milandu yoyenda, koma chigamulo chinakhalabe ndi mphamvu. Mu 1984 Pulezidenti Ronald Reagan anabwera ku Charlotte kudzachita kampeni n'kunena kuti mabasi alephera. Anthu sanaombe m'manja, ndipo nyuzipepala ya Charlotte Observer inamuyankha kuti walakwitsa.

Kumasuka kwa chingwe

Zaka za m'ma 1980 ndi 1990 Charlotte anakula ngati likulu la mabanki. Kunabwera anthu ambiri ochokera kwina, amene sanaone Dorothy Counts akugendedwa ndipo sanali nawo pa mgwirizano wa 1974. Ankagula nyumba kutali, kumpoto ndi kum'mwera, ndipo bodi inkawatsatira ndi sukulu zatsopano, pamene nyumba zakale za sukulu za pakati pa mzinda zinkakalamba. Sukulu iliyonse yomangidwa kumalire inkatalikitsa ulendo wa basi, ndipo ulendo ukatalika madandaulo amakula. Apa ndi pamene ndimaona kuti ntchito yolondola chigamulo inafooka. Kumanga sukulu kunali m'gulu la zimene khoti linachenjeza, koma panalibe amene ankathamangira kwa jaji kukatenga chiletso nthawi iliyonse bodi ikagula malo olakwika. Mabasi ankayenda, manambala ankaoneka bwino, ndipo onse anapuma.

Mu 1992 bodi inasintha njira. M'malo mokakamiza, inatsegula sukulu zambiri zimene kumeneko amazitcha magnet, zokhala ndi maphunziro apadera oti akope makolo mwa kufuna kwawo, ndipo malo ankagawidwa mwa maere poyang'ana khungu kuti pakhale kusakanikirana. Mu 1997 kholo lina lachizungu, a William Capacchione, linasuma kuti mwana wawo wakanizidwa malo pa sukulu yotere chifukwa cha khungu lake. Mlandu wa Swann unadzutsidwa, ndipo unagwera kwa jaji Robert Potter, amene asanakhale jaji anali m'gulu la otsutsa mabasi.

Apa panachitika chinthu chimene sindinachionenso kwina. Bodi ya sukulu, imene mu 1969 inkalumbira kuti ilibe mlandu, mu 1999 inaima m'khoti n'kumadzinenera yokha kuti sinamalize kuthetsa tsankho, n'kupempha kuti chigamulo chisachotsedwe. Inkadziwa kuti chigamulo chikachoka, kuyang'ana khungu pogawa malo kudzasanduka mlandu pa iyo. Chingwe chimene chinaimanga ndi chomwe chinkaitchinjiriza. Koma woimbidwa mlandu akamaumirira kuti ndi wolakwa, jaji wokayika amafunsa kuti nanga zaka zonsezi munali kuti, ndipo pa fayilo panalibe madandaulo okwanira a zaka za pakatizo oti ayankhe funsolo. Khoti la Supreme nalo linali litafewetsa kale njira yotulukira pa mlandu wa Dowell wa ku Oklahoma City mu 1991.

Mu Sepitembala 1999 a Potter anagamula kuti sukulu za Charlotte-Mecklenburg zafika pa chimene malamulo awo amati unitary, kutanthauza kuti palibenso madongosolo awiri, la akuda ndi la azungu, ndipo khoti lichotse dzanja. Apilo inayenda mokhotakhota: gulu la oweruza atatu linatsutsa mu 2000, koma khoti lonse la apilo la Fourth Circuit linavomereza mu 2001, ndipo mu Epulo 2002 khoti la Supreme linakana kumva nkhaniyo. Chaka chomwecho ana anayamba kugawidwa mosayang'ana khungu, aliyense atatsimikiziridwa malo pa sukulu ya kufupi ndi kwawo.

Zotsatira

Sizinatenge nthawi. Nyumba zinali zikadali pamene zinasiyidwa, ndiye sukulu zinatengera nyumba. West Charlotte, imene anthu a ku Boston ankabwera kudzaiona, inabwerera kukhala ya ana akuda ndi osauka pafupifupi okhaokha. Mu 2005 jaji Howard Manning, amene ankayang'anira mlandu wina wa ufulu wa maphunziro m'chigawocho, anayerekeza zochitika m'masekondale ena a Charlotte ndi kupulula mtundu wa anthu kudzera m'maphunziro.

Popeza malire anasintha tsiku limodzi, ana oyandikana nyumba anapezeka atumizidwa ku sukulu zosiyana, ndipo akatswiri a zachuma a Stephen Billings, a David Deming ndi a Jonah Rockoff anawatsatira. Zimene anafalitsa mu 2014 zinaonetsa kuti ana otumizidwa ku sukulu zodzaza ndi osakhala azungu ankakhoza mochepa pa mayeso, akuda ndi azungu omwe, ndipo anyamata osakhala azungu ankagwa kwambiri m'milandu ya upandu. Ndalama zowonjezera zimene bodi inapereka ku sukulu zosauka zinathandizako pa mayeso, koma pa za upanduzo sizinaoneke kuthandiza.

Pali nambala ina imene anzanga amakonda kuitchula, ndipo ndimawaletsa. Mu 2014 kafukufuku wa a Raj Chetty ndi anzawo anaika Charlotte kumapeto pa madera akuluakulu 50 a ku America pa mwayi woti mwana wobadwira mu umphawi adzafike pamwamba. Ena amati umenewu ndi umboni wa kutha kwa mabasi. Si zoona. Ana a m'kafukufukuyo anabadwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo anaphunzira mabasi akuyenda. Mukaipereka nambala imeneyi m'khoti molakwika, loya wa mbali ina adzakudyani nayo, ndipo adzakhala akulondola. Chimene ikuonetsa n'chowawa kuposa pamenepo: maola ochepa a m'kalasi yosakanikirana sankafafaniza kumene mwana ankabwerera madzulo.

Mu 2007, pa mlandu wa Parents Involved wokhudza Seattle ndi Louisville, khoti la Supreme linachepetsa kwambiri mwayi woti bodi iyang'ane khungu la mwana payekha ngakhale mwa kufuna kwake. N'chifukwa chake Charlotte atayesanso, mu 2016, anagwiritsa ntchito chuma ndi maphunziro a makolo pochita maere a sukulu za magnet, ndipo mu 2017 anavomereza kulumikiza sukulu zochepa za pulayimale zoyandikana, monga Dilworth ndi Sedgefield. Ndi kachidutswa chabe poyerekeza ndi 1970.

Mwa zonse zimene a McMillan anapeza mu 1969, zokhudza nyumba ndi malo ndizo sizinasanduke lamulo lolondoleka ndi masiku ndi manambala, chifukwa woimbidwa mlandu anali bodi ya sukulu, osati khonsolo ya mzinda kapena oyang'anira nyumba za boma. Masiku ano ndikamalemba gawo lomaliza la chikalata chosumira, lija lonena zimene tikupempha, ndimayamba ndafunsa amene akusowa pa mndandanda wa oimbidwa mlandu, ndiponso amene adzakhale akulemba madandaulo chaka cha 10 ndi cha 20, pamene atolankhani anapita kale.

Mzere wa 1960 uja nawonso wayamba kukokedwa. Mu 2018 nyumba ya malamulo ya North Carolina inalola matauni anayi a kunja kwa Charlotte, omwe ndi Matthews, Mint Hill, Cornelius ndi Huntersville, kutsegula sukulu zawozawo za charter, zoyendetsedwa kunja kwa bodi, zopereka malo poyamba kwa ana a m'tauni momwemo. A Chambers anamwalira mu 2013 asanaone zimenezi. Mu 2021 bodi inachotsa dzina la Zebulon Vance, msilikali ndi bwanamkubwa wa mbali yoteteza ukapolo pa nkhondo yapachiweniweni, pa sekondale ina ya kumpoto chakum'mawa kwa mzinda, n'kuikapo la Julius L. Chambers. Ana ambiri a pa sukuluyo ndi akuda ndi a mabanja olankhula Chisipanishi.